Paris, Vancouver kapena London: mulligan iti imachita chilungamo pa Magic?

Wosewera aliyense wa masewera a makadi a Magic: The Gathering amaudziwa ululu wotola makadi 7 n'kupezamo land imodzi yokha (land ndi khadi lopereka mana, mphamvu yoponyera makadi ena). Pa deki ya makadi 60 yokhala ndi ma land 24, mwayi woti dzanja loyamba libwere ndi land imodzi kapena lopanda n'komwe ndi pafupifupi 14 peresenti. Ndiye kuti pa magemu 7 aliwonse, imodzi mumayamba muli kale m'mavuto. N'chifukwa chake lamulo la mulligan, lomwe limalola kubweza dzanja loyamba n'kutola lina, limadzetsa mkangano chotere.

Paris mulligan, yomwe dzina lake linachokera ku mpikisano waukulu wa Pro Tour wa ku Paris mu 1997, inali yankhanza. Mukabweza makadi 7, mumasakaniza deki n'kutola 6. Mukabwezanso, mumatola 5. Kuipa kwake n'kwakuti dzanja likamachepa, mwayi woipa umakula. Pa makadi 6, zoti mupeze land imodzi kapena osapeza n'komwe zimakwera kufika pa 22 peresenti. Munthu wathawa dzanja loipa, lamulo likumukankhira ku lina loipitsitsa, komanso ali ndi khadi limodzi lochepa.

Mu 2015 Wizards of the Coast, kampani yopanga Magic, inabweretsa Vancouver mulligan. Kutola kunali komweko, kungoti mukasunga dzanja lochepa, mumasuzumira khadi lapamwamba pa deki n'kusankha kulisiya pomwepo kapena kulitumiza pansi. Zinathandizako, koma pang'ono chabe.

London mulligan anaiyesa pa mpikisano wa Mythic Championship wa ku London mu 2019, ndipo inakhala lamulo chaka chomwecho. Nthawi zonse mumatola makadi 7, kenako mumaika pansi pa deki khadi limodzi pa mulligan iliyonse yomwe mwachita. Mumatsalabe ndi 6 kapena 5, koma mwawasankha nokha.

Otsutsa London ali ndi mfundo yomveka. Ngati m'deki muli makope 4 a khadi lomwe mukulifunafuna, mwayi wolipeza pa makadi 7 ndi pafupifupi 40 peresenti, pa 6 ndi 35, pa 5 ndi 30. Mukamabweza mpaka kawiri pofuna khadi limenelo, Paris imakupatsani pafupifupi 73 peresenti, pomwe London imakupatsani 78. Kuwonjezera apo, makadi opanda ntchito mumawataya pansi pa deki. Madeki a combo, odalira makadi angapo ogwirira ntchito limodzi, amasangalala nazo, ndipo deki ya Tron ya mu mtundu wa kaseweredwe wa Modern, yomwe imangofuna ma land atatu otchedwa Urza's Mine, Power Plant ndi Tower kuti ikhale ndi mana 7 pa turn yachitatu, siiopa kutsika mpaka makadi 5.

Komabe ine ndili mbali ya London, ndipo sindikayika. Phindu lomwe combo imapeza ndi laling'ono poyerekeza ndi magemu ambirimbiri omwe kale ankatha asanayambe, wina atangokhala chete osatha kuponya khadi. Deki imodzi ikapitirira muyeso, pali mndandanda wa makadi oletsedwa wothana nayo. Palibe chifukwa cholangira osewera onse chifukwa cha madeki ochepa.

Ena amati bwanji osangotengera masewera a makadi a pa kompyuta a Hearthstone, komwe mumabweza makadi okhawo omwe simukuwafuna n'kusunga ena onse. Kumeneko zimatheka chifukwa mana amabwera okha turn iliyonse. Pa Magic, komwe land ndi khadi la m'deki, anthu angachepetse ma land mwadala podziwa kuti dzanja alikonza mwaulere, ndipo kapangidwe ka madeki kangasokonekere. London imakulipiritsabe khadi limodzi pa mulligan iliyonse, ndiye munthu amaganiza kaye asanabweze dzanja la ma land awiri.