Nyumba ya mabuloko osawotcha, tadutsa nayo Okutobala ndi dzinja lonse

Amene munali kufunsa za nyumba yathu ya mabuloko a dothi aja olowana okhaokha, manje ndingathe kukamba, chifukwa yaona kutentha kwa Okutobala, mvula yonse mpaka Epulo, ndi mphepo ya Juni. Titangolowa ndinangoti ioneka bwino, koma nyumba yatsopano iliyonse imaoneka bwino.

Kwa amene simuwadziwa, ndi dothi losefa losakaniza ndi simenti pang'ono chabe, 5 mpaka 10 peresenti malinga ndi dothi lake, makina amalitsindika mwamphamvu buloko nkutuluka ndi kamsana pamwamba ndi mpata pansi kuti igwirane ndi inzake popanda matope pakati. Palibe uvuni, palibe kugwetsa mitengo yowotchera, ndipo amene mumaona mmene mapiri ozungulira Chipata akuyerera mudziwa chifukwa chake izi zinandikoka.

Pa kutentha ndilibe dandaulo. Khoma ndi lonenepa, masentimita 22, limachedwa kutentha ndiye masana a Okutobala mukalowa mkati mumamva kusiyana ndithu. Ife tinaganiza zimenezi chifukwa cha 2024, chilala chija madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba malaiti nkumapita mpaka maola 21 pa tsiku, fani inali chokongoletsa chabe. Koma dziwani kuti kutentha kumene khoma lamwa masana limakubweza usiku, ndiye mawindo ayang'anizane kuti mphepo idutse, ndipo siling'i musasiye ati tidzaika tikapeza ndalama. Malata opanda siling'i adzakuwotchani ngakhale khoma likhale labwino bwanji.

Mvula ndiye yandiphunzitsa zambiri. Mbali zimene denga linatuluka masentimita 60 khoma lili gwa, ngati tamanga dzulo. Koma ku gebulo, khoma la m'mbali lija losongoka kumwamba, kumene malata anathera pafupi ndi khoma, mvula ya mphepo ija ya Januwale inali kumenya mwachindunji, ndipo mabuloko ena munsimunsi ayamba kuyoyoka pankhope, ukapalasa ndi chala mchenga ukugwa. Osati onse ayi, ena ali pambali pomwepo ali bwinobwino, ndipo titafufuza tinapeza kuti oyoyokawo ndi a mulu umodzi umene anyamata oumba sanauthirire mokwanira. Buloko imeneyi siyiuma ndi dzuwa ngati njerwa, imafuna kufunditsidwa pulasitiki ndi kuthiriridwa madzi, ikhale masabata awiri kapena atatu simenti igwire, mukathamangira kumanga mudzaona zotsatira dzinja loyamba lomwe.

Nkhani ina ndi dothi. Lakuda la kudambo iwalani, limang'ambika likauma. Lathu ndi katondo wofiira wa papuloti pomwepa koma linali lomata kwambiri, tinachita kuonjezera mchenga. Kuyesa kwake nkosavuta, thirani dothi m'botolo ndi madzi, khutchumulani, musiye likhazikike, mchenga umakhala pansi dongo pamwamba ndipo mumaona ndi maso chimene chachuluka. Mmisiri amene sachita ngakhale zimenezi, angoti dothi ndi dothi bwana, muthawireni kutali.

Za kutchipa, apa ndiye anthu amakokomeza maningi. Inde simenti ya pakati pa mabuloko simugula yambiri, ndipo khoma limakwera msanga. Koma fandeshoni ndi ya masiku onse, pulasitiki yoletsa chinyezi iyenera kukhalapo, mzere woyamba umakhala pa matope a simenti ndi levulo chifukwa ukapotoka pamenepo khoma lonse lapotoka, kumwamba kufuna ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa khoma lonse. Ndiye mkati tinapakabe pulasitala, popeza m'mipata muja fumbi la Ogasiti ndi tinyerere zinali kulowa. Onjezani kubwereka makina, komanso amisiri odziwa ntchitoyi kuno ndi ochepa ndipo amadziwa kuti ndi ochepa, mtengo wawo suli wa masewera. Tinapulumutsa ndalama, koma osati theka monga ena amakambira. Ngati dothi muchita kugula pa thiraki, khalani pansi muwerengere bwino musanayambe.

Thanki ya madzi a padenga nayo ndiikambeko pang'ono. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi, ndipo Chipata imalandira pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka, ndiye thanki yathu ya malita 5,000 imadzaza ndi mvula ziwiri zitatu zamphamvu nkumasefukira dzinja lonse. Amake ana akondwa nayo pochapa, koma mvula ikangosiya siyikhalitsa, musaganize kuti idzakufikitsani Okutobala. Phindu limene sindinaliyembekeze ndi la magata, madzi sagweranso m'tsinde mwa khoma nkumathovukira pa mabuloko. Madzi a mvula yoyamba muziwataya, amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame padenga.

Mukandifunsa ngati ndingamangenso ndi mabuloko amenewa, eee ndingamange, koma denga lituluke mbali zonse zinayi ndipo pothirira mabuloko ndiziimapo ndekha. Chatsala manje ndi kupaka pulasitala mizere ya pansi ya ku gebulo kuja mvula ya Novembala isanafike.