Alangizi a pasukulu pathu ndi khadi lobiriwira: mmene ndinayambiranso kudya pamaso pa anthu

Teremu yathunthu chakudya cha masana ndinkadyera m'chimbudzi cha atsikana, chakumapeto kwenikweni, chifukwa ndi chokhacho chimene loko yake inkagwira bwino. Ndinkayala juzi pamaondo n'kutsegula kontena yanga mwakachetechete, ndipo ndikamva mapazi ndinkasiya kutafuna mpaka munthuyo atatuluka. Ndili ndi zaka 16. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe pamene ndinali tsiku limene ndinagogoda koyamba pachitseko cha alangizi a pasukulu pathu. Chithandizo chawocho ndi chimene ndikufuna ndikuuzeni, ubwino wake ndi pamene chikuperewera.

Malamulo a nthawi ya nkhomaliro ndi osavuta kumva. Belu likalira aliyense amatuluka m'kalasi ndipo zitseko amakiya. Kudyera pakhonde n'koletsedwa. Mulaibulale chakudya sichilowa. Foni ikaoneka amalanda mpaka poweruka. Tonse timayenera kukhala muholo yodyeramo kwa mphindi 25 zoyambirira. Sindikunena kuti malamulowa ndi ankhanza, pakuti aphunzitsi awiri sangayang'anire ana omwazikana mpanda wonse. Koma amene anawalemba sanaganizire mwana wonga ine, woti kuchoka pakhomo la holo kukafika pampando ndi ulendo. Ndinkaima pakhomopo mtima uli thithithi, m'manja muli thukuta, ndikuona ngati maso onse ali pa ine. Ndikakhala pansi supuni inkanjenjemera n'kumagogoda kontena, kukhosi kuli gwa, chakudya osatsika. Kunyumba ankati ndi manyazi chabe, adzatha ndikakula.

Amene anandipeza ndi aphunzitsi oyang'anira tsikulo, ataona kuti ndasowa muholo masiku atatu otsatizana. Ndinkayembekezera chilango. Iwo anangolemba dzina langa pamndandanda wa ofuna kuonana ndi alangizi, ndipo ndinadikira masabata atatu. Alangiziwa amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi basi, pamene ana owafuna ndi ambiri. Masabata atatu ndi ochuluka kwa munthu amene akubisala tsiku ndi tsiku, ndipo panalibe anandifunsa kuti pakadali pano ndikudyera kuti.

Chipinda chawo ndi chaching'ono. Mipando iwiri anaiika mopendeketsa, yosayang'anizana, moti sindinakakamizike kuwayang'ana m'maso. Kanthu kakang'ono kameneka ndi kamene kanandimasula pakamwa. Asanandifunse chilichonse anati, "Zimene tikambirane muno zithera muno, mwanawe, pokhapokha ndikaona kuti moyo wako kapena wa munthu wina uli pangozi. Zikatero ndidzayamba ndauza iweyo." Kenako anandifunsa zinthu zimene palibe anandifunsapo: ndimaopa kuti anthu aona chiyani kwenikweni, nanga akachiona ndiye chichitike n'chiyani. Ndinati, "Madamu, aona manja anga akunjenjemera, aziti ndine wodabwitsa." Sananene kuti zimenezo n'zachibwana. Anazilemba papepala ndi mawu anga omwewo.

Anandiuza mosabisa kuti kutchula matenda si ntchito yawo, ndi ya dokotala kapena katswiri wa zamaganizo. Komabe anandifotokozera kusiyana kwa manyazi ndi nkhawa ya pagulu. Wamanyazi amazolowera pakapita nthawi. Nkhawa ya pagulu imakulanda zinthu: chakudya, anzako, kuyankha m'kalasi. M'buku la DSM-5 lofotokoza matenda a m'maganizo, limene bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa mu 2013, akatswiri amayang'ana ngati mantha otere atha miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo kwa ambiri vutoli limayamba ali ndi zaka pafupifupi 13. Langa linayamba ndili ndi zaka 13 ndendende. Anandiuzanso zimene bungwe la WHO limanena, kuti mwa achinyamata a zaka 10 mpaka 19, mmodzi mwa asanu ndi awiri aliwonse ali ndi vuto lina la m'maganizo. Muholo ya ana mazana angapo, ndiye kuti sindinali ndekha amene ndinkavutika, ngakhale aliyense ankaoneka ngati akungodya mwamtendere.

Chimene chinandifika pamtima n'chakuti anandiuza chifukwa chake chakudya sichinkatsika. Thupi likaganiza kuti pali ngozi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, malovu amauma, ndipo kugaya chakudya kumayamba kwaima. Zaka zitatu ndinkaganiza kuti ndili ndi vuto pakhosi.

Tsiku lomwelo anandipatsa khadi lobiriwira. Linkandilola kudyera m'kachipinda kabata pafupi ndi laibulale, momwe mumakhala ana osapitirira asanu ndi mmodzi. Masabata awiri oyamba ndinapuma. Ndinkadya n'kumaliza, masana ndinkamva zimene aphunzitsi akunena chifukwa m'mimba munali kanthu. Pali tsiku lina lokha limene aphunzitsi ena, osadziwa za khadilo, analitenga n'kuliwerenga mokweza pakhomo la holo, anzanga onse ali pamzere. Ndinalira mpaka poweruka. Ichi n'chofooka chachikulu cha chithandizochi: alangizi amachita mbali yawo, koma aphunzitsi onse sanauzidwe kuti khadilo ndi chiyani ndiponso kuti mwana woligwira salankhulidwa pagulu.

Pa ulendo wachitatu alangizi anandiuza kuti khadilo ndi la kanthawi. Ndinapsa mtima. Ndinati, "Madamu, mwandipatsa dzulodzuloli, lero mukuti mulanda?" Anayankha modekha kuti sakulanda, koma kachipindako kakakhala kwathu kwamuyaya ndiye kuti tangosamutsa chimbudzi chija n'kuchiikira tebulo. Anandifotokozera za akatswiri awiri a ku Britain, David Clark ndi Adrian Wells, amene mu 1995 anafotokoza chimene chimachititsa kuti nkhawa ya pagulu isathe. Munthu amatembenuzira maso mkati, kumadziyang'ana yekha mmene akuganizira kuti ena akumuonera, ndipo amapanga timachenjera todzitetezera: kugwira supuni mwamphamvu, kuweramitsa nkhope, kuloweza mawu asanalankhule, kukhala pafupi ndi khomo. Tsiku likatha bwino amati zatheka chifukwa cha timachenjerato, motero saphunzira kuti ngoziyo kunalibe. Apa ndi pamene ndinasintha maganizo pa lamulo la foni. Ndinkalida kwambiri, chifukwa ndinkafuna kuika maso pafoni kuti ndisaoneke wosowa wocheza naye. Lero ndikuona kuti ikanakhala khoma lina lobisalira. Koma lamulo lotsekera aliyense muholo popanda malo ena alionse ndimalitsutsabe.

Ntchito yeniyeni inali makwerero. Tinalemba zinthu zimene ndimaopa, chilichonse n'kuchipatsa nambala kuyambira 0 mpaka 100 molingana ndi mantha ake. Kuima pakhomo la holo mphindi ziwiri, 40. Kukhala patebulo lakumapeto ndi botolo la madzi lokha, 55. Kudya masupuni atatu, 70. Kufunsa munthu kuti "Pali munthu apa?", 85. Ndisanayese sitepe iliyonse ndinkalemba chimene ndikukhulupirira kuti chichitika, ndikamaliza n'kulemba chimene chachitikadi. Anandilangizanso kuti ndikakhala muholo ndiziwerenga zinthu zakunja kwa ine, monga anthu angati avala magalasi, kuti maso achoke pa manja anga. Njirayi ndi mbali ya CBT, thandizo lophunzitsa munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake. Si yokoma ayi. Sitepe ya masupuni atatu ndinaibwereza kasanu ndisanakwere ina, ndipo Lachiwiri lina ndinathawira kuchimbudzi kuja. Nditawauza sanakhumudwe, anangoti tibwerere sitepe imodzi mmbuyo.

Sitepe imene sindidzaiiwala ndi ya supuni. Anandiuza kuti ndiigwetse dala pansi, pakati pa chakudya. Ndinaipatsa 90, ndipo ndinalemba kuti tebulo lonse liseka, nkhaniyo ifika m'kalasi. Ndinakhala nayo m'manja mphindi khumi, zala zili zii. Kenako ndinaisiya. Inalira pasimenti, n'kugubudukira pansi pa benchi. Mitu iwiri inatembenuka. Mtsikana wina wa kalasi yapansi anawerama, anaitola n'kundipatsa akupitiriza kulankhula ndi mnzake za mayeso a masamu, osandiyang'ana n'komwe. Basi. Ndinakhala pomwepo ndikudikira chiseko chimene sichinabwere, ndipo misozi inalengeza, koma siinali ya manyazi.

Nditawafotokozera, alangizi anandiuza za kafukufuku wa Thomas Gilovich ndi anzake wa ku Cornell University, wofalitsidwa mu 2000. Ophunzira anavekedwa tisheti yochititsa manyazi n'kulowetsedwa m'chipinda momwe munali anzawo. Iwo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthuwo aona chimene chinali patishetipo, koma amene anaona sanakwane n'komwe mmodzi mwa anayi. Ndinayamikira kuti nkhaniyi anandiuza nditagwetsa kale supuni. Akanayamba nayo ndikanangoti ndi zam'mabuku.

Amayi anaitanidwa kamodzi, nditavomera ndekha. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga palibe mankhwala oti angomwa?" Alangizi anawayankha kuti mankhwala ndi nkhani ya dokotala, koma malangizo amene bungwe la zaumoyo la NICE la ku England linatulutsa mu 2013 amati kwa ana ndi achinyamata a vuto limeneli thandizo loyamba ndi CBT, maulendo 8 mpaka 12, osati kuthamangira mankhwala. Anawapemphanso kuti asiye kundiyankhira alendo akandifunsa funso. Amayi anakhala chete kanthawi, kenako anati sankadziwa kuti pochita zimenezo akundibisa. Kuyambira pamenepo amadikira, ngakhale ndikuona kuti kudikirako kumawawawa.

Ngati nanunso nthawi ya nkhomaliro imakuvutani ndipo pasukulu panu pali alangizi, ine ndikuti pitani. Tsiku loyamba afunseni zinthu zitatu: ndani adzamve zimene mukambirane, muzidyera kuti pamene mukudikira, ndiponso ngati amadziwa njira ya makwerero yoyesa zinthu pang'onopang'ono. Alangizi amene angokupatsani malo obisala n'kukusiyani akhala akuthandizani theka lokha. Ndipo ngati mwasiyiratu kudya, kapena mukuganiza zodzivulaza, musadikire mndandanda, uzani munthu wamkulu tsiku lomwelo. Chinanso chimene ndikanakonda chitasintha kwathu ndi malo a chipinda cha alangizi: chitseko chake chayang'anizana ndi mzere wa kuholo, moti aliyense amaona amene akulowa. Ndikudziwa ana awiri amene analephera kugogoda pa chifukwa chimenechi.

Ndaonana ndi alangiziwa ka 11 tsopano, mphindi 40 ulendo uliwonse. Ndimadyera muholo masiku anayi pasabata. Lachisanu, pamene phokoso limakhala lalikulu, nthawi zina ndimatulutsabe khadi lija. Manja amanjenjemerabe pang'ono, koma chakudya chikutsika. Lachinayi likubwerali ndi ulendo womaliza, ndipo pamakwerero patsala sitepe imodzi: kukhala patebulo lapakati n'kuyambitsa nkhani ndekha. Poyamba ndinaipatsa 100. Dzulo ndinafufuta n'kulemba 65.