Ndemanga: maphunziro a pa intaneti owerenga mapulani a trip circuit

Mwezi wathawu ndinamaliza maphunziro a pa intaneti ophunzitsa amisiri a magetsi kuwerenga mapulani a trip circuit, njira imene relay yoteteza (chipangizo chozindikira vuto) imadzera polamula breaker (switchi yaikulu yodula magetsi) kuti itseguke pakachitika vuto pa laini. Maphunzirowa ali m'mavidiyo, ndipo vidiyo iliyonse imabwera ndi pulani yoti wophunzira asindikize n'kulondola yekha ndi pensulo.

Ubwino wake waukulu uli pa mfundo imodzi imene mphunzitsi anaifotokoza mosathamanga, yakuti pulani imajambulidwa breaker ili yotseguka ndiponso koyilo iliyonse ilibe magetsi. N'chifukwa chake contact (kaswitchi kakang'ono) ya 52a, imene imatseka breaker ikatseka, imaoneka yotseguka papepala, pomwe 52b, imene imatseka breaker ikatseguka, imaoneka yotseka, ndipo mmisiri amene sanamvetse zimenezi akaima pa panelo yomwe ikugwira ntchito amaganiza kuti mawaya analumikizidwa molakwika. Kenaka mphunzitsi amatenga cholembera chofiira n'kulondola magetsi kuchoka ku positive ya batire ya 110 V kapena 125 V DC, kudutsa pa fyuzi, pa contact ya relay 50 kapena 51 (ma relay ozindikira magetsi akachuluka mopyola muyeso), pa 52a, kulowa mu trip coil (koyilo imene imatsegula breaker ikalandira magetsi) mpaka kukatulukira ku negative. Amafotokozanso chifukwa chimene 52a imakhalira pamzere umodzi ndi koyiloyo: contact yaing'ono ya relay singadule magetsi a DC oyenda m'koyilo popanda kupsa, ndipo koyiloyo inapangidwa kuti ilandire magetsi kwa kanthawi kochepa chabe, choncho 52a ndiyo imadula magetsiwo breaker ikangotseguka.

Phunziro la nyali yofiira ya pa panelo linandikhudza kwambiri. Nyaliyi imayaka ndi magetsi ochepa odutsa mu 52a ndi mu trip coil momwemo, ochepa moti sangatsegule breaker, kotero kuyaka kwake kumatsimikiza zinthu ziwiri: breaker yatseka, ndipo njira yoitsegulira ndi yamoyo. Ndinakumbukira tsiku lina pamene tinapeza nyali yotere itazima, tonse n'kunena kuti babu lapsa, koma titavula chivindikiro tinapeza waya wopita ku koyilo utamasuka pa terminal yake. Breaker imeneyo sikanatseguka ngakhale relay ikanalamula.

Pali zinthu zina zimene sizinandikhutitse. Nyali yofiira imayang'anira njirayi pokhapokha breaker ikakhala yotseka, koma kayang'aniridwe ka trip circuit pamene breaker ili yotseguka, kamene kamadzera pa 52b ndi resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi oyenda), kanangotchulidwa mwachidule, ngakhale kuti mmisiri amafunika kudziwa kuti koyilo ili bwino asanatseke breaker. Lockout relay ya 86, imene imaletsa kutsekanso breaker mpaka munthu ataibweza relayyo, inapatsidwa chitsanzo chimodzi chokha. Mapulani onse amatsata manambala a zipangizo (monga 50, 52 ndi 86) a muyezo wa IEEE C37.2, ndipo palibe ngakhale imodzi yojambulidwa ndi zizindikiro za muyezo wina wa IEC 60617, zomwe amisiri ambiri amakumana nazo pa ntchito.

Ndalembera okonza maphunzirowa kuwapempha kuti awonjezere vidiyo ya ma breaker okhala ndi trip coil ziwiri, iliyonse ndi fyuzi yake, chifukwa pa mapulani otero ndi pamene ndaona anzanga ambiri akusokera.