Waya wa masipika patapita nyengo ziwiri za mvula: wa pabalaza akadalipo, wa pakhonde ndinamuzula

Mlamu wanga wa ku Matawale wagula ampulifaya ndi masipika kwa munthu wina amene akusamukira ku Lilongwe, ndiye wandifunsa pa WhatsApp kuti agule waya wonenepa bwanji, komanso ngati waya uja anamuona kwathu akadali bwino. Funso lachiwirilo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa mbali yaikulu ya waya ameneyo ndinaizula kale, ndipo anandidyera ndalama zambiri kuposa zimene ndinamugulira.

Zida zanga si zodula ayi. Ampulifaya ndi yakale, inabwera ndi munthu kuchokera ku Joni, ndipo ili ndi malo awiri olumikizira masipika, A ndi B. Ku A kuli masipika awiri a pabalaza, a 8 ohm (ohm ndi muyeso wa mmene chinthu chimakanira magetsi), aliyense pa mtunda wa mamita 4. Ku B kuli ena awiri a 8 ohm amene ndinapachika pakhonde lakumbuyo, kumene timakhala Loweruka masana kumvera mpira pa wailesi. Waya wa kumeneko amakwera khoma, kudutsa m'siling'i, n'kutsikira pakhonde, mamita 15 sipika iliyonse. Mpukutu wonse ndinagula mu Seputembala 2023 m'sitolo ina ya zamagetsi m'tauni muno mu Zomba. Papepala lake panalembedwa kuti ndi 2.5 mm² (muyeso wa kunenepa kwa timawaya ta m'kati) wa mkuwa wokhawokha, ndipo mtengo wake unali pafupifupi theka la wina wofanana naye pa shelefu yomweyo. Mwini sitolo anati kusiyana kwake ndi dzina la kampani basi.

Zabwino zake sindingazibise. Ndi wofewa, amapindika bwino m'makona. Mbali imodzi ili ndi mzere wofiira, ndiye + ndi − simungasokoneze. Makoswe a m'siling'i sanamukhudze. Pabalaza akugwirabe ntchito mpaka lero popanda dandaulo.

Vuto linali pakhonde. Nthawi yonse yotentha ija, Okutobala ndi Novembala, zonse zinali bwinobwino. Mvula itakhazikika mu Januwale, sipika yakumanzere inayamba kusasa mawu. Mukangoyatsa m'mawa imalira motsika kuposa inzake, nthawi zina kudukaduka, koma mukakweza voliyumu imadzuka n'kuyamba kulira bwino. Dzuwa likawala masiku angapo vuto limatha lokha. Kunja kukangochita mdima, nkhungu n'kutsika kuchokera ku Ku Chawe, labwereranso. Ife timakhala m'munsi mwa phiri, ndipo amene anakhalako mbali imeneyi akudziwa mmene chinyontho chimalowera paliponse, nsapato m'kabati kuchita nkhungu, mchere kusungunuka m'botolo. Ndinkamasula waya kumbuyo kwa sipika, kumangitsanso, vuto n'kubisala kanthawi. Nthawi iliyonse ndikamasula, timawaya tiwiri titatu timathothoka m'manja, ndipo wononga ndimaipeza yakhwepa ngakhale ndinali nditaimanga zolimba.

Kenako tsiku lina ampulifaya inangoti tcha! n'kukhala chete, kagetsi kake kakuphethira. Kuizimitsa n'kuyatsanso, chimodzimodzi. Pamenepo aliyense akanaganiza kuti yapsa. Ndinaikweza pa kabaza kupita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi ndi ma TV cha ku Mpondabwino. Anaitsegula, kupukuta fumbi, kutsuka chokwezera voliyumu, kuwotchereranso malo ena amene anawakayikira, n'kuiyesa ndi masipika awo tsiku lonse. Inalira bwinobwino. Ndinalipira ntchitoyo, ndipo sindikuwadandaula chifukwa anagwiradi ntchito. Kufika nayo kunyumba, kulumikiza A, ikulira. Kudina B, tcha! yazimanso.

Nditawaimbira, bambo aja anangoti, "Achimwene, dulani kachidutswa ka waya wa pakhondeyo, cha kumapeto, mubwere nako." Atakaona anayamba ndi kuseka. Anasenda pulasitiki ndi lezala n'kundionetsa kuti chimene chimanenepetsa waya wanga ndi pulasitikiyo, timawaya ta m'kati n'tochepa. "Awa ndi mandasi ofufuma," anatero, "kuluma mupeza mphepo." Anaika pambali pake waya wa 2.5 weniweni, ndipo wanga sanafike ngakhale theka lake. Kenako anapala kawaya kamodzi ndi lezala lija. Kufiira kuja kunachoka ngati utoto, m'kati munatuluka moyera. Anayatsa laita n'kuikapo timawayato: tinafota nthawi yomweyo, kupindika n'kuyoyoka. Ataikapo ta mkuwa weniweni, tinangofiira ndi moto koma osagwa. Waya wanga anali aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba, amene pamapepala oona amalembedwa kuti CCA.

Zonse zija zinamveka pamenepo. Mukasenda wayayu ndi mpeni, kapena wononga ikamuluma, mkuwa wa pamwamba umang'ambika. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pamalo a chinyontho, aluminiyamu ndi amene amadyeka, n'kusanduka ufa woyera umene sudutsa magetsi. Ufa umenewu unali mbuu m'zomangira za sipika yakumanzere, imene ili kumbali kolowera mphepo ya mvula. Aluminiyamu amaphwatalalanso pang'onopang'ono akapanikizidwa, n'chifukwa chake wononga imakhwepa yokha, ndipo sachedwa kuthyoka mukamupinda kawirikawiri. Kawaya kamodzi kothyoka kanakagona pakati pa + ndi −, ampulifaya n'kumadzizimitsa podziteteza. Inalibe vuto lililonse. Ikanakhala ya mtundu wopanda chitetezo chimenechi, bwenzi ndikunena za kugula ina.

Tsono za kunenepa kwa waya, limene ndi funso loyamba la alamu anga. Lamulo limene ambiri odziwa za zokuzira mawu amatsatira ndi lakuti kukana magetsi kwa waya kusapitirire 5 peresenti ya ma ohm a sipika. Pa sipika ya 8 ohm ndiye kuti 0.4 ohm, pa ya 4 ohm ndi 0.2. Powerengera mtunda muwirikize kawiri, chifukwa magetsi amapita ndi chingwe china n'kubwerera ndi chinzake. Mita imodzi ya mkuwa wa 0.75 mm² ili ndi pafupifupi 0.023 ohm, ya 1.5 ili ndi 0.012, ya 2.5 ili ndi 0.007. Pabalaza panga, mamita 4 kupita ndi kubwera ndi 8, ndiye ngakhale kawaya ka 0.75 kamangofika 0.18 ohm, kutali ndi malire. N'chifukwa chake waya wabodza uja sakuvuta pabalaza, mtunda ndi waufupi ndipo m'nyumba ndi mouma. Pakhonde, mamita 15 amakhala 30. Pamenepo 0.75 amafika pafupifupi 0.7 ohm, walephera. Wa 1.5 amafika 0.35, wakhoza koma pang'ono. Wa 2.5 amangofika 0.2.

CCA amadutsa magetsi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mmene mkuwa wofanana naye umadutsira. Akanakhala 2.5 weniweni, ngakhale wa aluminiyamu, pa mamita 30 akanakhozabe. Wanga titamuyeza ndi kachipangizo koyezera magetsi, titapota nsonga zake mbali imodzi n'kuyeza mbali inayo, anafika cha m'ma 0.8 ohm, kuwirikiza kawiri malire aja. Koma tinene zoona, 0.8 ohm pa sipika ya 8 ohm imachotsa mawu osafika 1 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu). Khutu la munthu wamba silingamve kuti voliyumu yatsika, mwina besi yokha ndi imene imamveka yolekerera pang'ono. Chimene chinandisowetsa mtendere miyezi yonseyi sikuwonda kwa waya koma nsonga zake zodyeka. Anthu amakangana kwambiri za 1.5 ndi 2.5, pamene funso lalikulu kuno ku Zomba ndi lakuti m'kati muli chitsulo chanji.

Mipukutu ina imalembedwa manambala a ku America, a AWG, amene amayenda chobwerera: nambala ikachepa waya amanenepa. 16 AWG ndi pafupifupi 1.3 mm², 14 ndi 2.1, 12 ndi 3.3. Wogulitsa akakuuzani kuti 18 ndi wamkulu kuposa 14, ameneyo sakudziwa katundu wake.

Ndinabwerera kusitolo kuja ndi kachidutswa kopsereza kaja ndi lisiti. Mwini wake anandilandira bwino, "Bwana, mwasowatu," mpaka pamene ndinaika kachidutswako pa kauntala. Anakatembenuza, kukapala ndi chikhadabo, n'kunena kuti iwo amangooda, zolembedwa papepala salemba ndi iwo. Ndinati chabwino, koma amene anandiuza kuti kusiyana kwake ndi dzina la kampani basi ndi inuyo. "Bwana, waya akadulidwa sabwezedwa, ndi paliponse." Zimenezo n'zoona ndipo sindinkayembekezera kuti alandira waya wochokera m'siling'i. Ndinkafuna angovomera kuti pepala lija ndi labodza, n'kundichotsera kenakake pa waya wabwino. Anandichotsera, koma ndalama yake sinali yokwana ngakhale ya kabaza amene ananyamula ampulifaya. Ndinatuluka osagula.

Chowawa kwambiri chinali nthawi yake. Waya woyambayo ndinagula kwacha isanagwe. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera, cha mkuwa ndiye osanena. Waya wabwino uja amene anali pa shelefu mu Seputembala, pofika nthawi yokonza anali pa mtengo wina. Kuphatikiza waya woyamba, kabaza kupita ndi kubwera, ntchito ya bambo a ku Mpondabwino, mnyamata wokwera m'siling'i kawiri, ndi waya watsopano, ndalama yake ikanagula mkuwa wa 2.5 wa nyumba yonse pa mtengo wakale n'kutsalako.

Chimene chinandisangalatsa pa nkhani yonseyi chinachokera kwa bambo omwe aja. Anati ndisavutike kufunafuna waya wolembedwa kuti ndi wa masipika, ndigule fulekisi wamba wa magetsi, wa zingwe ziwiri, yabulauni ndi yabuluu, bola akhale mkuwa. Ndinamupeza ku Limbe tsiku limene ndinapitira zina, wa 1.5 mm², ndipo wogulitsa wake sanavute nditapempha kupala nsonga ndisanalipire. M'kati mofiira mpaka pakati, ndipo m'manja amalemera kuposa 2.5 wabodza uja, pajatu mkuwa umalemera kuposa katatu aluminiyamu. Nsonga zake tinazifinyira m'timapulagi ta banana, tolowetsa kumbuyo kwa sipika, n'kupakapo Vaseline pang'ono ngati mmene amachitira pa batire ya galimoto. Wadutsa chiperoni cha Juni ndi Julayi, wadutsa mvula yonse yotsatira, sindinagwirepo sikuludiraiva. Chenjezo lake ndi limodzi: popeza amaoneka ngati waya wa magetsi, mumatepo kapepala m'siling'imo kolemba kuti ndi wa masipika, ndipo musamuike pulagi ya pakhoma. Wamagetsi wina akadzamulumikiza ku 230 V, masipika ndi ampulifaya zathera pomwepo.

Maganizo anga pa waya woyamba uja amatengera tsiku. Lamlungu m'mawa kwaya ikulira pabalaza, ndimati pa mtengo wake wachita bwino, wa mamita 4 m'nyumba youma safuna zambiri. Ndikaona mamita 30 amene ndinazula aja ali m'katoni kuseri kwa chitseko, mtima umabwerera pa kauntala paja. CCA payekha si wakuba. Akalembedwa dzina lake, munthu n'kugula wonenepa pang'ono wa m'nyumba, palibe mlandu. Mlandu ndi kumugulitsa ngati mkuwa wa 2.5.

Ndiye alamu, masipika anu ngati ndi a 8 ohm ndipo sakupitirira mamita 5 kuchokera pa ampulifaya, mkuwa wa 1.0 kapena 1.5 ndi wokwana, musataye ndalama pa wonenepa ngati chala. Ngati ndi a 4 ohm, kapena mukufuna kukafika pakhonde, yambirani pa 1.5, ndipo 4 ohm pa mamita 15 ndiye 2.5 basi. Wa panja akhale mkuwa zivute zitani. Popita kusitolo mutenge lezala m'thumba, mupale nsonga musanatulutse ndalama, akakana mupite sitolo ina.

Kusitolo kwanga kuja ndimapitabe kukagula mababu ndi masoketi, chifukwa ndi pafupi ndipo zimenezo sizinandikhumudwitsepo. Mwini wake masiku ano munthu akafunsa waya wa masipika amayamba wafunsa kuti ndi wa m'nyumba kapena wa panja, ndiye china chake anamva. Koma mtengo wa mpukutu uja anakweza limodzi ndi zina zonse, pepala lake sanachotse, ndipo ndalama ya kabaza ndi ya okonza mawailesi sanandibwezere.