Kusungunula CO2 m'thanki ya zomera ku Mangochi: diffuser, atomizer kapena reactor?

Nyali mwaika, feteleza mukuthira, koma masamba a zomera za m'thanki ya nsomba (aquarium) akungoyanga ndere ndipo sakuphukira. Nthawi zambiri chimene chikusowa ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, umene pano tiziungotchula kuti CO2. Madzi ongokhala m'thanki yagalasi amasunga mamiligalamu 2 kapena 3 pa lita, pamene zomera zokhala pansi pa nyali yowala zimakondwa zikapeza 20 mpaka 30. Kutulutsa mpweyawu m'silinda n'kosavuta. Ntchito yagona pousungunula usanathawire pamwamba pa madzi, ndipo pamenepa zida zimene zikugulitsidwa zimasiyana kutalitali.

Kuno kuli zinthu zitatu zimene malangizo olembedwa pa katoni sazidziwa. Mu Okutobala ndi Novembala madzi a m'thanki ya m'nyumba yamalata amafika madigiri 30, ndipo madzi ofunda sasunga mpweya wambiri, kaya ndi CO2 kaya ndi okosijeni wa nsomba. Madzi athu ndi a laimu: a m'nyanja pH yake (muyeso wa asidi m'madzi, umene umatsika asidi akachuluka) imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo a pa mijigo ina amasiya zoyera m'ketulo sabata isanathe. Chachitatu ndi magetsi, amene amapita osatsazika. Chida chilichonse tachiyeza pa zitatuzi.

Chimene ambiri amayamba nacho ndi ceramic diffuser, kakapu kagalasi kapena kachitsulo kokhala ndi kambale koyera kadothi lowotcha. Mpweya umakankhidwa kudutsa m'timabowo ta kambaleko n'kutuluka ngati timathovu tating'ono. Ndi yotsika mtengo, imakakamira pagalasi ndi kalabala, ndipo mumadzionera ndi maso kuti ikugwira ntchito. Yatsopano ikakhala yabwino imatulutsa timathovu tosalala ngati utsi, timene timangolendewera m'madzi osathamangira kumwamba. Mukaona timathovu tonga njere za mapira tikukwera mzere umodzi n'kukaphulika pamwamba, dziwani kuti mpweya wanu ukungodutsa, ndalama ikupita.

Malo oyikapo ndi theka la ntchito yake. Imatikeni pansi kwenikweni, masentimita 5 kuchokera pa mchenga, pagalasi loyang'anizana ndi potulukira madzi a fyuluta, pamene mkokomo wa madzi umakatsikira. Mkokomowo umanyamula timathovu n'kutizunguza thanki yonse, ndipo kathovu kakatalikirapo m'madzi kamasungunuka kwambiri. Ambiri amaibisa kuseri kwa mwala pakona pamene madzi sayenda, kenako n'kumadandaula kuti anagula yabodza.

Chilema chake kuno n'kutsekeka. Ndere zimamera pa kambale chifukwa kali pa kuwala, laimu nayenso amadzaza timabowo. Pakatha milungu 3 kapena 4 mudzaona mbali imodzi yokha ikutulutsa, ndipo timathovu takula. Ichotseni, muiviike kwa mphindi 20 mu Jik wosungunula ndi madzi mulingo wofanana, muitsuke bwinobwino, kenako muiviike m'madzi a mankhwala ochotsa kolorini. Ngati vuto ndi laimu, Jik sachita kanthu. Pamafunika viniga kapena citric acid, koma pa ulendo wake, mutatsuka kaye, chifukwa Jik akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wapoizoni. Musakwechepo ndi burashi kapena kupagwira ndi chala. Nzeru yabwino n'kukhala nazo ziwiri, ina ili m'madzi ina ikuuma. Zagalasi zimathyoka pakhosi pochotsa payipi, choncho payipiyo muziyamba mwaifewetsa m'madzi otentha, kapena mungoidula. Pa thanki ya malita 30 mpaka 100 ceramic ndi yokwanira ndipo tikuivomereza. Kupitirira malita 150 imayamba kuperewera.

Inline atomizer ndi mbale wake wa ceramic, koma imalumikizidwa kunja, pa payipi yotuluka mu canister filter, fyuluta yokhala kunja kwa thanki. Simaoneka m'thanki, simera ndere msanga poti ili mumdima, ndipo nkhungu yake ndi yosalala koposa. Komatu imafuna mphamvu ya 2 mpaka 3 bar, pamene ceramic wamba imatsegukira pa 1 mpaka 1.5. Regulator (chida cha pa silinda chowongolera mphamvu ya mpweya) yosatheka kusintha mphamvu siikankha, ndipo payipi yofewa ya silicone imafufuma kapena kuvuka. Pamafunika yolimba ya polyurethane yomangidwa ndi nati. Yezaninso payipi ya fyuluta yanu musanaitanitse, chifukwa pali ya 12/16 ndi ya 16/22, ndipo sizilowana. Madzi amaoneka ngati mwathiramo chakumwa cha gasi tsiku lonse, ena zimawanyansa. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti thupi lake ndi lapulasitiki lomata, ndiye likang'aluka usiku madzi a m'thanki amathera pansi. Zida zotere zimachokera kunja, ndipo ina yolowa m'malo mwake simuipeza pa boma tsiku lomwelo. Ndi chida chabwino, koma cha munthu amene ali kale ndi silinda ndi regulator yodalirika.

Chimene chatikhutiritsa koposa pa mathanki akuluakulu ndi reactor, ndipo zipangizo zake zili m'mahadiweya a pa Mangochi pompano. Nzeru yake ndi yapafupi: madzi akutsika, mpweya ukufuna kukwera, ziwirizi zimalimbana m'payipi yonenepa mpaka mpweya wonse utasungunuka. M'thanki simutuluka kathovu ngakhale kamodzi.

Tengani payipi ya PVC ya mamilimita 50, yotalika masentimita 45 mpaka 50. Mbali zonse ziwiri matanipo zochepetsera zokhala ndi kamlomo kolowa payipi ya fyuluta. Masentimita 10 kuchokera pamwamba boolani kabowo kocheperako pang'ono kuposa payipi ya CO2, mudule nsonga ya payipiyo mopendeketsa, muikokere mkati ndi pulayala mpaka ifike pakati. Ikalowa mothina chonchi sidontha. Guluu wa PVC aume maola 24, kenako mutsukemo. Imikani reactor chilili m'kabati, madzi ochokera mu fyuluta alowere pamwamba, atulukire pansi kupita m'thanki. Mukatembenuza, mpweya umangotsagana ndi madzi n'kutuluka uli mathovu akuluakulu. Pa payipi ya CO2 pakhale check valve (kavalavu kolola mpweya kudutsa mbali imodzi yokha) pafupi ndi reactor, apo ayi madzi amabwerera usiku mpaka kukalowa mu regulator. Ena amagwiritsa ntchito chikho cha fyuluta ya madzi akumwa cha mainchesi 10 kapena 20, chija choonekera mkati, ndipo ubwino wake n'ngwakuti mumaona zimene zikuchitika.

Reactor ilibe timabowo toti laimu atseke, ndiye madzi athu saivutitsa. Sifunanso mphamvu yambiri ya mpweya. Zovuta zake ndi ziwiri. Imachepetsa liwiro la madzi, choncho fyuluta ikhale yoti pa ola imazunguza madzi a m'thanki kasanu kapena kuposa. Chinanso, chakumadzulo mumamva kukhuluma mkatimo, ngati madzi akutuluka m'chigubu. Apo ndiye kuti pamwamba paunjikana mpweya: mwina mukulowetsa wambiri kuposa umene madzi angamwe, mwina fyuluta yadzaza zinyalala ndipo yafooka. Tsukani fyuluta kaye musanakhudze needle valve, kampopi kochepetsera kapena kuonjezera mpweya. Ngati timathovu tikutuluka m'thanki, reactor yafupika kapena yaonda, onjezerani kutalika. Mipira yapulasitiki imene ena amadzazamo siyofunika, imangokola zinyalala.

Palinso kabelu kovundikira ndi kamakwerero kamene kathovu kamayendamo mokhotakhota. Izi zimasungunula pang'onopang'ono ndipo zimatenga malo. Zimathandiza pa kathanki ka malita 20 kapena 30 basi. Yoposa pamenepo ndi kulowetsa payipi ya CO2 pakamwa pa kapampu ka m'madzi kuti mapiko ake aziphwanya mathovu. Imagwira ntchito ndithu, kungoti kathovu kalikonse kakalowa mumamva kuti tche, tche, ndipo m'chipinda chogona zimatopetsa.

Chida chisankhidwe mogwirizana ndi kumene mpweya ukuchokera, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Njira ya yisiti ndi yotchipa: botolo la malita 2 la chakumwa cha gasi, shuga magalamu 200, yisiti theka la supuni yaing'ono, soda theka la supuni yaing'ono, madzi ofunda mpaka paphewa la botolo. Botolo la skwashi wosungunula ayi, silinapangidwe kuti lipirire mphamvu ya gasi. Pakati pa botololi ndi thanki ikani kabotolo kena ka madzi kotsukira mpweya, kuti thovu la yisiti lisakalowe kwa nsomba. Shuga wa magalamu 200 sangapereke CO2 woposa magalamu pafupifupi 100, ndipo kutentha kwa kuno kumamufulumizitsa: masiku oyamba mpweya umachita kusefukira, sabata yachiwiri ikamatha wazirala. Kukwera ndi kutsika kumeneku n'kumene ndere zakuda zonga ndevu zimakonda. Mabotolo awiri osinthidwa motsatizana, lina sabata ino lina sabata yamawa, amachepetsako vutoli. Yisiti musamulumikize ku atomizer, ndipo ngakhale ceramic yothina imamukanika. Mpweya umafuna potulukira n'kuyamba kudontha pa chitsekerero, kapena payipi imavuka. Mnzake wa yisiti ndi kapampu kapena reactor. Kumbukiraninso kuti yisiti alibe switchi. Usiku akugwirabe ntchito, magetsi akathima akugwirabe ntchito, pamene pampu yaima ndipo madzi sakugwedezeka. M'mawa mumapeza nsomba zili pamwamba, kukamwa yasa. Usiku zulani payipi, kapena yatsani kapampu ka mpweya wamba.

Silinda yokhala ndi regulator ndi solenoid (valavu yamagetsi yotsegula ndi kutseka mpweya) ndiyo yokhazikika, ndipo solenoid imadzitseka yokha magetsi akapita, chinthu chamtengo wapatali kuno. Koma taimala yozungulira yoyatsira ndi kuzimitsira solenoid imaima pamodzi ndi magetsi, ndiye akabwera nthawi yasokonekera, mpweya n'kumatseguka pakati pa usiku. Gulani ya digito yokhala ndi batire mkati. Mpweya utseguke ola limodzi kapena awiri nyali isanayake, utseke ola limodzi nyali isanazime. Silinda iime chilili, yomangirira, kutali ndi zenera. Pa madigiri 20 mkati mwake mumakhala 57 bar, pa madigiri 30 imadutsa 70, ndipo kupitirira madigiri 31 silinda yodzaza mphamvu yake imakwera msanga. Kuisiya m'galimoto yotseka padzuwa la ku Mangochi n'kuika moyo pachiswe. Poitanitsa regulator onani mazinga ake, chifukwa ya CGA320 ya ku America silowa pa silinda ya W21.8. Polumikizira paliponse pakanipo thovu la sopo, pakafufuma, pakudontha. Muvi wa mphamvu ya silinda ukayamba kutsika, kadzazitseni msanga, poti ma regulator otchipa amatha kukhuthulira mpweya wotsala m'thanki nthawi imodzi.

Kuwerenga timathovu mu bubble counter (kabotolo ka madzi ka pa payipi ya CO2) n'poyambira chabe: kamodzi pa sekondi pa thanki ya malita 60 mpaka 100, kenako muzionjezera pang'ono pakadutsa masiku awiri, tsiku limene muli pakhomo. Woweruza weniweni ndi drop checker, kagalasi kokhala ndi madzi a 4 dKH (muyeso wa laimu m'madzi) ndi mankhwala osintha mtundu a bromothymol blue. Buluu ndiye kuti mpweya wachepa, kubiriwira ndiye muli cha pa mamiligalamu 30 pa lita, chikasu ndiye mwapyola. Musathiremo madzi a m'thanki, chifukwa laimu wathu amaichititsa kukhala ya buluu ngakhale nsomba zikubanika. Imachedwanso pafupifupi maola awiri, ndiye mtundu umene mukuona masana ukunena za m'mawa. Amene ali ndi choyezera pH atunge kapu ya madzi a m'thanki, aisiye poyera maola 24 kapena kuposa, ayeze, kenako ayerekeze ndi pH ya m'thanki mpweya uli mkati. Kutsika kwa 1.0, mwachitsanzo kuchoka pa 7.8 kufika pa 6.8, ndiko mulingo. Musathamangire nambala ya 6.5 imene mwaona pa intaneti. Olemba zimenezo madzi awo ndi ofewa. Laimu saletsa CO2 kusungunuka, amangokweza poyambira pa pH. M'nyengo yotentha CO2 akhale cha pa mamiligalamu 20 pa lita, ndipo pamwamba pa madzi pazigwedezeka pang'ono nthawi zonse. Mutayako mpweya wina, koma nsomba zipuma.

Mawu amodzi kwa oweta mbuna, poti kuno ndi kwawo. Mbuna zimafukula mizu, zimadya masamba, ndipo zimafuna madzi a pH yokwera. Thanki yawo musailowetse CO2. Mukafuna zobiriwira mmenemo dzalani Vallisneria, udzu wa masamba ataliatali uja umamera pamchenga m'malo osaya a nyanja yathu. Iwo umatha kudzitengera kaboni mu laimu wa m'madzi, n'chifukwa chake masamba ake nthawi zina amayanga zoyera zokhakhala ngati choko mukawasisita ndi chala. M'thanki ya zomera zoyerazo zikaoneka, ndi chizindikiro chakuti CO2 wachepa. Ndipo mankhwala a m'botolo otchedwa liquid carbon musawayandikize kwa Vallisneria: ndi glutaraldehyde, amathandiza kupha ndere, koma udzuwu amaufewetsa masamba mpaka kusungunuka.