Mgonero pa mtsinje wa Chao Phraya ku Bangkok: boti lalikulu kapena bwato la mpunga?

Mukayamba kusaka tikiti ya mgonero wa pamadzi ku Bangkok, mutu umazungulira. Maboti ndi ambirimbiri, zithunzi zake n'zofanana, ndipo onse amalonjeza zimodzimodzi: maola awiri pa mtsinje wa Chao Phraya, chakudya, ndi kuona akachisi magetsi atayaka. Njira yake ndi imodzidi. Ambiri amanyamukira pa malo a masitolo a m'mphepete mwa mtsinje, ku ICONSIAM, ku Asiatique kapena ku River City, n'kulowera kumtunda. Kachisi wa Wat Arun amakhala kumanzere, nyumba yachifumu ya Grand Palace kumanja, ndipo amakatembenukira pa mlatho wa Rama VIII, uja wa zingwe amene anatsegulidwa mu 2002. Chimene mukusankha kwenikweni ndi mtundu wa boti.

Maboti akuluakulu, monga Chao Phraya Princess, White Orchid ndi Wonderful Pearl, amanyamula anthu mazanamazana m'zipinda zosanjikizana. Chakudya n'chodzipakulira nokha: pad thai (manudozi okazinga), msuzi wowawasa wa tom yum, nsomba ndi nkhanu, zakudya za Azungu, zipatso. Pamakhala bandi ndi magule a ku Thailand, ndipo pobwerera anthu amadzuka n'kuyamba kuvina. Zimakhala ngati phwando la ukwati m'holo, kungoti holoyo ikuyenda. Ngati muli ndi ana, kapena ndinu gulu loti wina sadya tsabola, wina sadya nkhumba, apa ndiye poyenera, chifukwa aliyense amapeza chake ndipo mtengo ndi wotsikirapo.

Koma pa boti lalikulu, pokhala pamaposa chakudya. Tebulo la pamwamba penipeni, popanda denga, m'mphepete mwa chitsulo chotchinga, ndilo limakupatsani mphepo ndi mtsinje wonse. Akakuikani m'chipinda cha pansi, muzizidwa bwino ndi makina, koma muziona Bangkok kudzera pagalasi limene likubweza magetsi a m'katimo ndi nkhope zanu zomwe. Funsani za tebulo pobukitsa, osati mutafika padoko. Ndipo musathamangire pamzere wa chakudya boti likangonyamuka. Anthu amaunjikana pa nkhanu, mbale m'manja, ndipo Wat Arun imadutsa iwo atapatsa mtsinje msana. Chakudya amawonjezera, koma kachisiyo boti silimudikira.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Wat Arun musanafike pali mlatho wakale wa Memorial Bridge, wa mu 1932, umene ndi wamfupi. Madzi akakwera, makamaka kumapeto kwa nyengo ya mvula cha mu Okutobala ndi Novembala, maboti ataliatali amalephera kudutsa pansi pake ndipo amasintha njira. Zikatero mwalipira koma akachisi simuwaona. Makampani amalemba zimenezi m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa tikiti, ndipo ndi bwino kutiwerenga.

Mbali inayo kuli mabwato ang'onoang'ono. Manohra, ya hotela ya Anantara Riverside, imagwiritsa ntchito mabwato amatabwa amene kale ankanyamula mpunga pa mtsinje womwewu, n'kuwakonzanso. Supanniga Cruise ndi boti lamakono koma la anthu ochepa. Kuno simudzuka kukapakula. Amakubweretserani mbale imodziimodzi, chakudya cha ku Thailand chophikidwa mosamala, mpaka kumalizira mpunga womata wothira mkaka wa kokonati ndi mango ngati uli pa ndandanda ya tsikulo. Bwato limakhala pafupi ndi madzi, moti boti lina likadutsa mumamva funde likukunyamulani, madzi a m'tambula n'kugwedezeka. Palibe zokuzira mawu zogonthetsa m'khutu, mumatha kucheza.

Ine mtima wanga uli kuno, ndipo chifukwa chake ndi Wat Arun. Nsanja yake yaikulu anaikuta ndi tizidutswa ta mbale zadothi za ku China, tosanjidwa ngati maluwa, ndipo usiku magetsi akaiwalira kuchokera pansi imaoneka yagolide. Kutsidya kuli madenga osongoka a Grand Palace, imene mfumu Rama I inayamba kumanga mu 1782 itasamutsa likulu kuchoka ku Thonburi, tsidya lomwe kuli Wat Arun. Malo amenewa amafuna munthu akhale phee n'kuyang'ana. Pa bwato laling'ono aliyense ali pafupi ndi m'mphepete, palibe wokutchingani ndi foni.

Zovuta zake zilipo. Mtengo umatha kukhala kawiri kapena katatu kuposa wa boti lalikulu. Chakudya n'chokonzeratu, choncho ngati simudya nkhanu, mtedza kapena nkhumba, nenani pobukitsa. Ana amatopa kukhala pansi maola awiri. Ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula ya madzulo ikabwera ndi mphepo, bwato lotseguka m'mbali limakhala lovutirapo kusiyana ndi boti la magalasi.

Ngati thumba silikulola lililonse mwa awiriwa, kwerani sitima ya pansi panthaka ya MRT, mutsikire pa Sanam Chai, muyende pansi mpaka ku doko la Tha Tien pafupi ndi kachisi wa Wat Pho. Malesitilanti a m'mphepete mwa mtsinje pamenepo ayang'anizana ndi Wat Arun, ndipo mumaiona nthawi yonse ya mgonero, osati kwa mphindi zochepa.

Boti lililonse mungasankhe, musapite padoko pa takisi madzulo, misewu ya Bangkok imadzadza ndipo boti silidikira. Sitima ya m'mwamba ya BTS imakufikitsani pa Saphan Taksin, pomwe pali doko la Sathorn ndi maboti opita ku ICONSIAM ndi ku Asiatique. Fikani kukadali nthawi, chifukwa muyenera kukaonetsa tikiti pakauntala kuti akupatseni nambala ya tebulo musanakwere.