Miyezi 14 pa chiwongolero: basi ya haidirojeni ndi ya batire

Nditangoyamba kuyendetsa mabasi atsopano pa depoti yathu kuno ku Britain, aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti ya haidirojeni ndiye idzapha dizilo. Tsopano papita miyezi 14 ndikusinthanitsa mitundu iwiriyi, ndipo ena mwa mawu aja ndikuwabweza.

Pamsewu simungazisiyanitse. Zonse ndi zosanjikiza, zonse zimakankhidwa ndi mota yamagetsi. Ya haidirojeni imangopanga yokha magetsi ili m'njira: mpweya wa haidirojeni wa m'matanki umakumana ndi okosijeni mu chipangizo chotchedwa fuel cell, ndipo chotuluka kumbuyo ndi madzi basi. Kunjenjemera kwa injini kulibe, fungo kulibe, moti ndikaweruka mutu suwawa ngati kale. Chovuta n'chakuti zimayenda mwakachetechete kwambiri. Anthu oyenda pansi, maso ali pa foni, amangotulukira patsogolo pako.

Kumene ya haidirojeni imandisangalatsabe ndi pa chisanu. Mu Januwale, hita ikayaka tsiku lonse, pa basi ya batire mphamvu imatsika ukuiona, ndipo pa shifiti yamadzulo diso limodzi limakhala pamsewu, lina pa mita. Ya haidirojeni sipereka nkhawa imeneyo, chifukwa kutentha kwa fuel cell kumathandiza kufunditsa okwera. Kudzaza matanki ndi mphindi 10 zokha, pomwe inzake imafuna maola angapo ili pa chaja.

Koma mlandu wa mabasiwa suweruzidwa pamsewu. Umaweruzidwa kuseri kwa depoti, kumene okwera safikako. Haidirojeni amafunika makina omupanikiza mpaka 350 bar (muyezo wa kupanikizika kwa mpweya) asanalowe m'basi, ndipo malo odzazirawo ndi amodzi. Makinawo akangodwala, kapena mpweya ukachedwa kufika, mabasi onse amtunduwo amaima pamodzi. Zinatichitikira kangapo: mabasi atsopano, onyezimira, opanda vuto lililonse, ali ndandanda kumpanda, ife tikutulutsa nkhalamba za dizilo zimene tinali titatsanzikana nazo kale. Amakaniko ankangopukusa mitu. Kumbali ya batire machaja ndi ambiri. Imodzi ikafa umangosunthira pa ina, ndipo m'mawa basi imatuluka.

Kenako pali ndalama. Kuti upeze haidirojeni wopangidwa mosaipitsa chilengedwe umatenga magetsi n'kugawa madzi, n'kupanikiza mpweyawo, n'kuunyamula, n'kuusandutsanso magetsi m'basi. Pa sitepe iliyonse china chimatayika, ndipo chofika ku matayala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Batire imabweza magawo oposa atatu mwa anayi. N'chifukwa chake mzinda wa Montpellier ku France mu 2022 unasiya oda ya mabasi 51 a haidirojeni utawerengera kuti kilomita imodzi idzadya 0.95 euro, pomwe ya batire ndi 0.15 euro. Mzinda wa Aberdeen ku Scotland, umene unayamba padziko lonse kuyendetsa zosanjikiza za haidirojeni za kampani yopanga mabasi ya Wrightbus mu Januwale 2021, ndi London, amene anaika 20 chaka chomwecho, anayamba ndi ochepa. Koma Shenzhen ku China pofika kumapeto kwa 2017 inali ndi mabasi a batire oposa 16,000.

Chimene sindinkachidziwa ndisanalowe ntchitoyi n'chakuti kampani sisintha mabasi tsiku limodzi. Basi imagwira ntchito zaka pafupifupi 15, ndiye chaka chilichonse amachotsa okalamba ochepa n'kulowetsa atsopano, nthawi zambiri boma likathandiza kudzera m'mapulogalamu a ndalama zogulira mabasi osatulutsa utsi, monga ZEBRA ku England kapena ScotZEB ku Scotland. Ndipo choyamba kugulidwa si basi ayi, koma thiransifoma ndi nthambo zikuluzikulu zofika pa depoti. Kwathu anakumba bwalo lonse miyezi ingapo basi yoyamba isanabwere. (Ndikaona zimenezi ndimakumbukira kuthimathima kwa magetsi kumudzi, n'kungoseka ndekha.) Palinso njira yachidule imene Wrightbus anatsegulira fakitale m'tauni ya Bicester ku England mu 2024: basi ya dizilo ya zaka zapakati amaizula injini n'kuikamo mota ndi mabatire, thupi lomwelo n'kupitiriza ulendo.

Sindikuti haidirojeni alibe malo. Pa njira zazitali, zamapiri, kumene basi ilibe mpata wopuma, kapena pa depoti imene magetsi okwanira sangafike, ndikumvetsa amene akuisankha. Koma njira zathu zambiri ndi zam'tauni, kuima ndi kunyamuka, ndipo buleki iliyonse imabwezera kamphamvu mu batire.

M'mawa wozizira, akandilola kusankha, ndimathamangirabe ya haidirojeni, bola ndimve kuti usiku anaidzaza. Mabasi atsopano amene alowa pageti pathu chaka chino, onse ndi a batire.